Wee Heavy: Mowa wa ku Scotland Wokana Firiji

Ife amene tinakulira pa Green ndi Kuche Kuche tili ndi lamulo lomwe palibe analilemba koma aliyense amalidziwa: mowa wa m'botolo uzizizira mpaka botolo lichite thukuta. Ukabwera wofunda umabwezedwa, ndipo wobweretsayo amalandirako mawu. Lamuloli ndi labwino ku Nsanje mu Okutobala, ndipo limayenera mowa wa mtundu wa lager. Koma mukalitenga n'kupita nalo pa mowa wamphamvu wa ku Scotland, womwe eni ake amati wee heavy pomwe akunja amati Scotch ale, mwataya ndalama zanu. Kuzizira kumatsekera fungo lake m'tambula, kumabisa kukoma kwa chimera, n'kukusiyirani madzi akuda otsekemera ongokuledzeretsani musakudziwa. Mowawu umafuna madigiri 10 mpaka 13, ngakhale kuposerako pang'ono. Kuno ku Scotland zimenezi sizivuta. Botolo mumangolisiya pakhonde kapena m'kachipinda komwe simuyatsa hita, ndipo miyezi yambiri ya pachaka nyengo imakuthandizani yokha.

Abale obwera kumene akandifunsa choti alawe kupatula Tennent's, yemwe ali pa mpopi wa bala iliyonse ku Glasgow, ndimawalozera ku mowa umenewu. Ambiri amakwinya nkhope akangolawa koyamba. Ena amati ndi mowa wa ana chifukwa watsekemera, ndipo amayankhula choncho mpaka pomwe aimirire kuti akataye madzi, miyendo n'kuyamba kuwakanira. Ine sinditsutsana nawo. Ndimangowapempha kuti aike tambula pansi ticheze kaye, chifukwa pakatha mphindi khumi mowa womwewo umakhala utasintha nkhope.

Chinsinsi chake ndi chimera cha balere chochuluka pa madzi ochepa. Hops, timaluwa towawitsa mowa, amathiramo wongokwanira kuti kutsekemera kusafike potopetsa lilime, ndiye musayembekezere kuwawa kwa IPA, mowa wa hops wambiri. Mphamvu yake imayambira cha pa 6.5 peresenti kukafika pa 10. Maonekedwe ndi ofiirira mpaka akuda, koma mukakweza tambula pa kuwala mumaona kufiira mkati, si wakuda bii monga stout. Ofulula amausiya kuti uwire pamalo pozizirirapo, ndipo yisiti samaliza shuga yense wa m'chimera. Shuga wotsalayo ndi amene amaulemeretsa m'kamwa. Ena amabwatitsa madzi a chimera nthawi yaitali mumphika wamkuwa mpaka shuga ayambe kupserera pang'ono pansi. Amene munaotchapo mbatata paphulusa mukudziwa timadzi tija timatuluka pakhungu pake n'kuda, n'kumata m'zala. Kukoma kwa wee heavy wabwino kumayambira pamenepo, kenako pamabwera mphesa zouma, tofi, ndi kufunda kotsika nako pakhosi.

Mukalowa m'bala zakale ku Edinburgh mudzaona pa mipopi patalembedwa 70/- kapena 80/-. Agogo athu akanawerenga zimenezi mosavuta, chifukwa ndi masheleni, ndalama zomwe nafenso tinkagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971. M'zaka za m'ma 1800 ofulula mowa ku Scotland ankautchula mowa ndi mtengo wa mgolo umodzi waukulu wa magaloni 54. Mowa ukakhala wamphamvu, chimera chinkalowa chambiri, msonkho unkakwera, mtengo nawo n'kukwera. Mitengoyo inatha kalekale koma maina anakana kufa. Lero 60/- ndi mowa wopepuka wosafika 3.5 peresenti, 70/- ndi umene amati heavy, 80/- ndi export, ndipo 90/- ndiye wathuyu. Chenjerani pamenepa: mukauza wogulitsa kuti akupatseni "pint of heavy" akupatsani mowa wamba wosapitirira 4 peresenti. Wamphamvu weniweni unkagulitsidwa m'timabotolo tating'ono tosafika mamililita 200, ndipo dzina loti wee heavy linamera pamenepo, makamaka pa mowa wa kampani ya Fowler ya ku Prestonpans. Muyeso umenewu sunali umbombo. Anthuwo ankadziwa chomwe anaika m'botolomo.

Pali chinthu chomwe chimandiseketsa ndikamayenda mu Edinburgh. Anthu a ku Scotland amene anabwera kwathu ndi Baibulo, a ku Blantyre ndi a ku Livingstonia, anatisiyira mpingo woletsa mowa kotheratu, moti mpaka lero munthu wa CCAP amayamba wayang'ana uku ndi uku asanatsegule botolo. Koma likulu la dziko lawo linali limodzi mwa mizinda yofulula mowa kwambiri ku Britain, chifukwa cha zitsime za madzi abwino zomwe zili pansi pa mzindawo. William McEwan anatsegula fakitale yake ku Fountainbridge mu 1856, ndipo ndalama za mowa ndi zomwe zinamanga McEwan Hall, holo yomwe ophunzira a University of Edinburgh amalandiriramo madigiri. Nyumba ya malamulo ya Scotland ku Holyrood inamangidwa pamalo pomwe panali kampani ya mowa. Ambiri mwa mafakitalewa anatsekedwa. Caledonian Brewery, yomwe inayamba mu 1869, inali yomaliza mwa zikuluzikulu zakale mumzindawo, ndipo Heineken inalengeza zoitseka mu 2022. Motero wee heavy wokoma lero safululidwa kwenikweni m'mizinda. Muyenera kuyang'ana kumidzi ndi kuzilumba.

Ndikafunsidwa kuti munthu ayambire pati, sindizengereza: Traquair House Ale. Traquair ndi nyumba yakale ya banja la a Maxwell Stuart pafupi ndi Innerleithen, m'mbali mwa mtsinje wa Tweed, ndipo eni ake amati ndiyo nyumba yakale kwambiri ku Scotland yomwe anthu akhalamo mosalekeza. Mary, mfumukazi ya Scotland, anachezako mu 1566. Kalelo nyumba zazikulu zotere zinkafulula mowa wawo wa pabanja ndi wa antchito, ndipo ku Traquair malo ofululira ali pansi pa kachalitchi ka pabanjapo. Atasiya kufulula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, palibe anataya zipangizo. Zinangokwiririka ndi katundu wakale kwa zaka zoposa zana, kufikira Peter Maxwell Stuart atazifukula n'kuyambiranso kufulula mu 1965. Iyi inali nthawi yomwe makampani akuluakulu ankameza ang'onoang'ono mmodzimmodzi, ndiye zomwe anachitazo zinali kusambira mokwera mtsinje. Atamwalira mu 1990 ntchitoyi inapitirira m'manja mwa mwana wake, Catherine Maxwell Stuart.

Chomwe chimausiyanitsa ndi anzake ndi choti umawira m'migolo yamatabwa ya oak, osati m'mathanki achitsulo. Mphamvu yake ndi 7.2 peresenti. Mukautsanulira mumaona kuda kofiirira ndi thovu lochepa lotuwa. Fungo limayamba ndi zipatso zouma, kenako thabwa lakale. M'kamwa umatsekemera poyamba, koma usanakutopetseni umauma, n'kusiya kakuwawa kochepa kumapeto kwa lilime komwe kamakuitanirani kumwanso. Apa ndi pomwe ambiri a mtunduwu amagwera: amayamba bwino n'kumaliza ali nomatanomata m'kamwa. Traquair amadziwa posiyira. Kwa ine umenewu ndiye muyeso, ndipo wina aliyense ndimamuweruza pomuika pambali pake.

Amafululanso wina wotchedwa Jacobite Ale, wa 8 peresenti, womwe amathiramo coriander. Anautulutsa mu 1995 pokumbukira zaka 250 za kuukira kwa mu 1745, pomwe Bonnie Prince Charlie ankafuna kubwezera banja la Stuart pa mpando wachifumu. Nkhani ya pabanjapo imati kalongayo atatuluka pa chipata chachikulu cha nyumbayo, chomwe chili ndi ziboliboli za zimbalangondo, mwini nyumba anachitseka n'kulumbira kuti sichidzatsegulidwanso mpaka wa banja la Stuart adzakhalenso mfumu. Chidakali chotseka, ndipo alendo amalowera kwina. Jacobite ndi wonunkhira kuposa House Ale, ndipo pali anthu omwe amamukonda kwambiri. Ine coriander amandiphimbira kukoma kwa chimera komwe ndimafuna, choncho ndimamwa mwa apo ndi apo, makamaka nthawi ya Khirisimasi. Ngati muli ku Edinburgh m'miyezi yotentha, kwerani basi yodzera ku Peebles mukatsike ku Innerleithen. Nyumbayo imalandira alendo ndipo mowa amagulitsa pomwepo.

Wachiwiri pa mtima wanga amachokera kutali kumpoto, ku zilumba za Orkney. Skull Splitter ndi wa 8.5 peresenti, wofululidwa ku Quoyloo m'nyumba yomwe kale inali sukulu, ndi kampani yomwe inayamba mu 1988. Dzinalo, lotanthauza woswa zigaza, ndi loopsa, ndipo pa botolo pali munthu wankhondo wa Chiviking, koma ndi dzina lomwe ankamutcha Thorfinn Einarsson, mmodzi wa olamulira Orkney zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mu 2008 Portman Group, bungwe loyang'anira katsatsidwe ka mowa ku Britain, linafufuza ngati dzinali likulimbikitsa chiwawa. Anthu a ku Orkney ndi phungu wawo anakalipa, ndipo pamapeto pake dzinalo linasiyidwa momwemo. Ndikanakhala ine wofufuza, sindikanada nkhawa ndi dzina. Ndikanada nkhawa ndi kufatsa kwake. Mowawu ndi wowala kuposa Traquair, wofiira ngati mkuwa, ndipo umatsika mosalala moti simungakhulupirire nambala yomwe ili pa botolo. Mumamva nkhuyu zouma ndi madeti, kenako kutentha kumabwera mochedwa, kuchokera m'chifuwa. Botolo limodzi la mamililita 330 ndi lokwanira madzulo onse. Amene amatsegula lachiwiri amakhala wasankha yekha momwe mawa lidzachere.

Awiri otsatirawa sindikhalitsapo. Belhaven, ya ku Dunbar kum'mawa kwa Edinburgh, imawerenga zaka zake kuyambira 1719 ndipo kuyambira 2005 ili m'manja mwa kampani ya Greene King. Wee heavy wawo ndi wotsekemera kwambiri, wodzadza ndi tofi, ndipo ndi amene ndimapatsa munthu yemwe amati sakonda mowa wowawa. Old Jock wa kampani ya Broughton, yomwe inayamba mu 1979 m'mudzi wa ku Scottish Borders, ndi wa 6.7 peresenti. Ndi wopepukirapo, ali ndi kafungo ka chimera chokazinga, ndipo pa onsewa ndi yekhayo yemwe ndingamwe ndikudya chakudya cholemera popanda kumva kuti ndadya kawiri.

Koma tinene zoona, ambiri a ife sitipita ku masitolo apadera a mowa. Timagula ku Tesco kapena ku Morrisons pochokera ku shifiti, ndipo kumeneko amene mumupeze ndi McEwan's Champion, wa 7.3 peresenti, m'botolo la theka la lita. Anthu odzitcha akatswiri a mowa amamunyoza chifukwa ndi wa kampani yaikulu ndipo safululidwanso ku Fountainbridge. Ine sindigwirizana nawo. Pa mtengo wake Champion ndi mowa wabwino, wa zipatso zakuda ndi shuga wopserera, ndipo amakuonetsani bwinobwino chomwe mtunduwu uli. Chomwe muyenera kuchenjera nacho ndi kukula kwa botolo.

Tiyeni tiwerenge. Ku Britain mowa amauyeza m'mayuniti, ndipo yuniti imodzi ndi mamililita 10 a mowa weniweni wosasakaniza. Botolo la lager wamba wa 4.5 peresenti la mamililita 330 lili ndi yuniti imodzi ndi theka. Skull Splitter wa botolo lomwelo ali ndi mayuniti 2.8. Champion wa mamililita 500 ali ndi 3.65. Akuluakulu a zaumoyo amalangiza kuti munthu asapitirire mayuniti 14 pa sabata, kutanthauza kuti mabotolo anayi a Champion mwadutsa kale malire a sabata yonse. Ndiye chizolowezi chathu chija chogula maraundi, aliyense kuponya wake mpaka tebulo lidzadze, pano sichigwira. Botolo la theka la lita ndi logawana anthu awiri. Scotland payokha ili ndi mbiri yowawa ndi mowa, ndipo n'chifukwa chake mu Meyi 2018 boma linakhazikitsa mtengo wotsikitsitsa wa mapeni 50 pa yuniti, womwe unakwera kufika pa 65 mu Sepitembala 2024. Motero palibe sitolo ya kuno yomwe ingakugulitseni Champion pansi pa £2.37. Lamuloli kwenikweni linkalimbana ndi cider ndi lager wamphamvu wotchipa wa m'zitini, osati mowa womwe tikukambawu, koma masamu a m'chiwindi sasankha kuti mowawo unawira mumgolo wa oak kapena ayi. Oyendetsa galimoto akumbukirenso kuti kuyambira Disembala 2014 malire a kuno ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi, pomwe ku England ndi 80. Tambula imodzi ya wee heavy, makiyi apereke kwa wina.

Tsopano za utsi. Mukawerenga za Scotch ale pa intaneti mudzamva kuti ayenera kununkhira utsi wa peat, dothi lakuda lija amaumitsira chimera cha whisky pa chilumba cha Islay. Mudzamvanso kuti anthu a ku Scotland sankathira hops wambiri chifukwa salimidwa kwawo ndipo sankafuna kulemeretsa Angerezi. Nkhani zokoma kumva, koma amene anawerenga mabuku akale a m'mafakitale a ku Edinburgh anapeza kuti ofulula a kumeneko ankagula hops wochuluka kuchokera ku England ndi kumaiko ena, ndipo ankatumiza kunja IPA wambirimbiri. Za peat zinamera ku America, komwe ofulula ang'onoang'ono anaganiza kuti chilichonse cha ku Scotland chiyenera kufanana ndi whisky. Palibe mwa mowa womwe ndatchula pamwambapa umene umanunkha peat. Sindikuti a ku America sadziwa kufulula. Dirty Bastard wa Founders ku Michigan, wa 8.5 peresenti, ndi Old Chub wa Oskar Blues ku Colorado, wa 8, ndi mowa wokoma ndithu, ndipo anthu ambiri padziko anaudziwira mtunduwu kudzera mwa iwo. Koma ndi akulu msinkhu, aphokoso, ndipo hops wawo amamveka kuposa wa kuno. Mukayamba ndi iwo mudzaganiza kuti Traquair ndi wozizira mtima. Yambani ndi wa eni ake, a ku America abwere pambuyo.

Chodabwitsa china n'choti dziko lomwe linausunga mowawu pomwe kwawo unkazilala ndi Belgium. Anthu a kumeneko anaukonda kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, pomwe asilikali a Britain anali m'dziko lawo, ndipo mpaka lero ali ndi Gordon Scotch ndi Scotch Silly, wofululidwa m'tauni ya Silly m'chigawo cha Hainaut. Ndi iwonso amene amakonda kuumwera m'tambula yooneka ngati duwa la thistle, chizindikiro cha Scotland. Tambulayo simukuisowa. Iliyonse yamimba yotakata ndi kamwa yopapatizako, ngakhale ya vinyo, imagwira ntchito. Chomwe sindilola ndi kumwera m'botolo, chifukwa theka la mowawu limalowera m'mphuno.

Pa zakudya, eni ake amaumwa ndi haggis, chakudya cha zam'kati mwa nkhosa, pa 25 Januwale pokumbukira mlakatuli wawo Robert Burns, ndipo zimagwirizanadi: tsabola wa mu haggis amadula kutsekemera kwa mowa. Tchizi cha buluu chamchere, monga Lanark Blue, chimachitanso chimodzimodzi, mwina kuposa. Kunyumba kwanga ndimaumwa ndi nyama ya mbuzi yogula ku mabutchala a halal, yophika pamoto wochepa mpaka isiyane ndi fupa, ndipo nthawi zina ndimathira theka la tambula ya Old Jock mumphika momwemo anyezi akafiira. Msuzi umada n'kulemera. Nsima ndimadya kaye, mowa pambuyo, chifukwa ziwirizi zikakumana m'mimba nthawi imodzi tulo timakugwirani pampando. Ndi chambo kapena usipa musayese n'komwe, nsomba imangosowa. Ndipo kuuphatikiza ndi keke kapena pudding ya tofi, monga ena amalangizira, kwa ine ndi kuthira shuga pa shuga.

Amene wazolowera onsewa n'kufuna kupitirira, Orkney ili ndi Dark Island Reserve wa 10 peresenti yemwe amagona m'migolo yomwe munali whisky, ndipo Harviestoun ya ku Alva ili ndi Ola Dubh, yemwe amagona m'migolo ya whisky wa Highland Park. Ola Dubh si wee heavy kwenikweni, ndi wakuda kwambiri ndipo wayandikira ku porter, m'bale wake wa stout, koma amene wakonda Traquair sangamukane. Awa ndi odula, ndipo ndi oyenera tsiku lomwe kwabwera alendo olemekezeka, botolo limodzi anthu atatu kapena anayi. Mowa wamphamvu chonchi sufulumira kuwonongeka. Mukausunga choimirira m'kabati mwamdima kwa chaka, ukali wake umafewa ndipo zipatso zimamveka kwambiri, choncho mukapeza Traquair kapena Skull Splitter pa shelefu musagule botolo limodzi. Ingokumbukirani kuti masitolo a ku Scotland amagulitsa mowa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku basi, ndipo makina a pa tilu sakumvera ngakhale mutachonderera kuti shifiti yatha mochedwa.